Mmene mungafufuzire mbiri ya banja lanu pa zithunzi zakale zimene pali galimoto

Chithunzi chakale chimene pali galimoto chili ndi mwayi umene zithunzi zina zilibe. Nkhope ya munthu imavuta kuipatsa chaka. Jekete kapena diresi munthu angathe kuvala zaka khumi, kenako n'kusiyira mng'ono wake. Koma galimoto inatuluka ku fakitale m'chaka chodziwika, ndipo opanga ake ankaisintha maonekedwe pafupipafupi, zonsezo n'kumalemba. Choncho ngati agogo anu anajambulitsa ataima pambali pa galimoto, muli ndi poyambira polimba. Chofunika n'kudziwa zimene galimotoyo ingakuuzeni ndi zimene singathe kukuuzani, chifukwa anthu ambiri amasokera pamenepa.

Yambani ndi anthu, galimoto ibwera pambuyo

Musanathamangire pa intaneti kukafufuza mtundu wa galimoto, tengani chithunzicho mupite nacho kwa munthu wamkulu kwambiri amene watsala m'banja mwanu. Ndaika zimenezi koyambirira mwadala. Mabuku a magalimoto adzakhalapobe zaka makumi awiri zikubwerazi, koma azakhali amene akudziwa kuti mnyamata wagwira chitseko uja ndi ndani sadzakhalapo mpaka kalekale. Paja safunsa anadya phula.

Kafunsidwe kake n'kofunika. Musanene kuti, "Agogo, awa si abambo anu awa?" Munthu wachikulire angavomere pongofuna kukusangalatsani, inu n'kulemba zolakwika. M'malo mwake apatseni chithunzicho m'manja, muwasiye achiyang'ane mofatsa, kenako mufunse kuti, "Agogo, apa mukuonapo ndani?" Akatchula dzina, funsani kuti amuzindikira bwanji. Funsaninso za malowo, za amene anajambula, za mwini galimoto, ndi zimene zinkachitika tsikulo. Akalola, jambulani mawu awo pa foni, chifukwa polemba pamanja mumasiya zinthu zimene pa nthawiyo zimaoneka zosafunika, monga dzina la bwana amene munthuyo ankagwirako ntchito, pomwe dzina limenelo ndi limene lingadzakutsegulireni njira.

Ngati pali akuluakulu awiri kapena atatu, afunseni payekhapayekha kaye. Akakhala pamodzi, amene ali ndi mawu amphamvu ndi amene amapambana, enawo amangogwedeza mutu. Akasiyana, lembani zonse ziwiri ndi dzina la amene wanena chilichonse.

Jambulani kope labwino

Chithunzi chenichenicho musamayende nacho kawirikawiri. Chiikeni pa sikana, musankhe 600 dpi (dpi ndi kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi pa inchi iliyonse), kapena 1200 dpi ngati ndi kakang'ono, kuti mudzathe kukulitsa nambala ya galimoto osaona zimadonthomadontho. Ngakhale chikhale chakuda ndi choyera, sikanani ngati cha mitundu, popeza mtundu wa pepala nawonso ndi umboni. Sikanani kumbuyo komwe, ndi m'mphepete monse, osadulako. Ngati mulibe sikana, foni imagwira ntchito: goneka chithunzi pamalo osalala pafupi ndi zenera, osati padzuwa, zimitsani fulashi, ndipo foniyo ikhale yolunjika pamwamba penipeni.

Kope loyambali lisungeni osalikhudza. Kuwalitsa, kukulitsa ndi zina zonse muzichitira pa kope lachiwiri. Mapulogalamu amene amapaka mitundu kapena kukonza nkhope pa zithunzi zakale muwapewe pa ntchito imeneyi. Amangoganiza. Angathe kusandutsa 3 wosaoneka bwino kukhala 8 wooneka bwino kwambiri, inu n'kutha miyezi mukusaka galimoto imene kunalibe.

Funsani pepalalo

Musanayang'ane zimene zajambulidwa, yang'anani chimene chajambulidwapo. Chithunzi chokhala pa kachitsulo kopyapyala ndi cha njira imene inayamba m'ma 1850, ngakhale ojambula oyendayenda anapitiriza kuigwiritsa ntchito mpaka mkati mwa zaka za m'ma 1900. Chomatidwa pa katoni yolimba yokhala ndi dzina la situdiyo m'munsi nthawi zambiri chimakhala cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kapena koyambirira kwa m'ma 1900. Kamera yotsika mtengo ya Kodak Brownie itatuluka mu 1900, anthu wamba anayamba kujambulana okha pabwalo, ndipo n'chifukwa chake zithunzi za anthu ataima pa galimoto zachuluka: kamera ya aliyense ndi galimoto zinafala m'zaka zofanana.

Zithunzi zambiri za nthawiyo zinkatsukidwa pa pepala la positikhadi. Tembenuzani muone. Ngati kumbuyo kuli mzere wogawa pakati, mbali ina ya uthenga ina ya adiresi, dziwani kuti ku Britain zimenezi zinaloledwa mu 1902 ndipo ku United States mu 1907. Ngati pali sitampa ndi chidindo cha ku positi, mwapeza tsiku limene chithunzicho chinali chitajambulidwa kale. M'mphepete mwa manomano munafala kwambiri kuyambira m'ma 1930 mpaka m'ma 1950. Pa zithunzi zina za m'ma 1950 ndi m'ma 1960 mumapeza mwezi ndi chaka zitasindikizidwa pa mpata woyera wa m'mphepete. Limenelo ndi tsiku lotsukira, osati lojambulira. Filimu inkatha kukhala m'kamera chaka chathunthu isanadzaze.

Zolemba pamanja kumbuyo muzizikhulupirira mosamala. Onani ngati zinalembedwa ndi pensulo, inki ya m'botolo kapena bolopeni. Bolopeni inafala nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945. Ndiye mukapeza "1928" yolembedwa ndi bolopeni, dziwani kuti wina analemba patapita zaka zambiri, kuchokera m'mutu.

Tsopano galimotoyo

Pano ndi pamene muyenera kukhalitsa. Musayambe ndi kufunsa kuti ndi mtundu wanji. Yambani ndi kuiika m'nyengo yake poyang'ana thupi lake, chiwalo ndi chiwalo.

Magalimoto oyambirira, a zaka zisanafike 1910, ankafanana kwambiri ndi ngolo zokokedwa ndi akavalo: aatali msinkhu, opanda zitseko zakutsogolo, ambiri opanda galasi lotchinga mphepo, nyali zake zamkuwa zoyaka ndi mafuta kapena gasi. Ena akale zedi analibe chiwongolero chozungulira, ankawongoleredwa ndi ndodo. Mukaona chitsulo chopindika chikulendewera kutsogolo pansi pa rediyeta, ndicho chimene ankapukusa poliza injini. Cadillac inayamba kuika sitata yamagetsi mu 1912, koma chitsulocho chinakhalabe pa magalimoto ambiri kwa zaka makumi angapo, choncho pachokha sichikuuzani zambiri.

Yang'anani mawilo. Masipoko okhuthala a mtengo ndi a magalimoto a m'ma 1910 ndi koyambirira kwa m'ma 1920. Masipoko a waya anafala kumapeto kwa m'ma 1920 ndi koyambirira kwa m'ma 1930, kenako pakati pa m'ma 1930 kunabwera mawilo a chitsulo chosindikiza amene tinawazolowera. Yang'anani denga. Magalimoto ambiri a m'ma 1910 anali otsegula, a denga la nsalu lopinda, ndipo otsekeka a mawindo agalasi anachuluka m'kati mwa zaka za m'ma 1920. Yang'anani madigadi ndi nyali. Ngati madigadi aima paokha kunja kwa thupi, pali chopondera chachitali m'munsi mwa zitseko, nyali zakhala pa chitsulo chopingasa kutsogolo ndipo galasi laima chilili, muli m'ma 1920 kapena koyambirira kwa m'ma 1930. Galasi likayamba kupendekera kumbuyo, thupi n'kukhala lobulungira, nyali n'kulowa m'madigadi, mwafika kumapeto kwa m'ma 1930 ndi m'ma 1940. Madigadi ndi zitseko zikakhala khoma limodzi losalala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, chopondera palibe, nthawi zambiri mwadutsa 1948.

Mukaiika m'nyengo yake, sakani chizindikiro cha kampani: pamwamba pa rediyeta, pa boneti, pakati pa wilo, kapena kumbuyo. Kulitsani kope lanu pa kompyuta. Nthawi zina dzina limaoneka pa kachivundikiro ka pakati pa wilo pomwe kwina konse kwabisika ndi anthu.

Mitundu ingapo inafala padziko lonse moti n'zotheka kuti mwakumana ndi umodzi mwa iyo, ndipo kusintha kwake kunalembedwa bwino. Ford Model T inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927, magalimoto opitirira 15 miliyoni. Zaka 19 n'zambiri, koma mungazichepetse. Rediyeta yamkuwa yonyezimira inalipo mpaka 1916, ndipo kuyambira galimoto za 1917 inakhala yachitsulo chakuda. Nyali zamagetsi zinabwera mu 1915. Ndiye Model T ya rediyeta yamkuwa koma nyali zamagetsi yakuikani pa zaka ziwiri zokha. Ford Model A inalowa m'malo kumapeto kwa 1927 n'kupangidwa mpaka 1931.

Volkswagen Beetle muziiyang'ana kumbuyo. Zenera laling'ono logawika pawiri ndi la mpaka koyambirira kwa 1953. Zenera limodzi laling'ono looneka ngati dzira ndi la 1953 mpaka 1957. Lalikulu la ngodya zinayi linayamba mu 1957. Morris Minor inatuluka mu 1948 nyali zake zili m'munsi, pambali pa chitsulo cha mipata cha kutsogolo. Pofika 1951 nyalizo zinali zitakwera pa madigadi, ndipo galasi lakutsogolo logawika pakati linasiyidwa mu 1956. Land Rover nayonso inayamba mu 1948. Zoyambirira zenizeni nyali zake zinkabisala kuseri kwa waya wa kutsogolo. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri nyalizo zinakhala pakati, moyandikana, mpaka cha mu 1968 ndi 1969 pamene zinasamukira pa madigadi.

Mukakanika, onetsani chithunzicho kwa makaniko wachikulire, kapena kwa magulu a anthu okonda magalimoto akale, amene alipo ambiri pa Facebook ndi malo ena pa intaneti. Anthu amenewa amatha kukuuzani chaka pongoona kapangidwe ka chogwirira chitseko. Google Lens, pulogalamu yozindikira zinthu za pa chithunzi, imathandiza kupereka poyambira, koma zimene yanena muzitsimikize poyerekeza ndi zithunzi za galimotoyo kuchokera mbali yofanana ndi ya chithunzi chanu. Potumiza, dulani kuti paoneke galimoto yokha ngati abale anu sanavomereze kuti nkhope zifalitsidwe.

Zimene chaka cha galimoto chikutanthauza

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chaka cha galimoto si chaka cha chithunzi. Chimangokuuzani kuti chithunzicho sichinajambulidwe chaka chimenecho chisanafike. Galimoto ya 1929 singapezeke pa chithunzi cha 1925, koma ingapezeke pa cha 1935 kapena cha 1948. Ku United States kupanga magalimoto a anthu wamba kunaima koyambirira kwa 1942 mpaka 1945 chifukwa cha nkhondo, ndipo ku Ulaya zinalinso chimodzimodzi, moti pa zithunzi za kumapeto kwa m'ma 1940 pamadzaza magalimoto a m'ma 1930. Mitundu ina inapitirira kupangidwa m'mayiko ena kwawo itasiyidwa kale. Peugeot 404 inayamba mu 1960 ndipo ku France galimoto yake yonyamula anthu inasiyidwa mu 1975, koma ku Kenya ankaimangabe mpaka 1991. Beetle ankaipangabe ku Mexico mpaka 2003.

Choncho onani mmene galimotoyo yakalambira. Penti ikuwala? Matayala ndi ofanana onse, kapena ndi otoleza? Madigadi apindika, nyali ina yasowa, chitseko chamangidwa ndi waya? Galimoto yonyezimira imene banja lonse laizungulira litavala bwino kawirikawiri imakhala yongofika kumene. Yotopa mungaiwonjezere zaka zisanu, khumi kapena kuposa. Ndipo ngati chithunzi ndi cha mumsewu ndipo pali magalimoto angapo, musatengeke ndi imene ili patsogolo. Sakani yatsopano kwambiri pa onsewo, ngakhale ikungooneka mbali imodzi chapatali, chifukwa imeneyo ndi imene imaika malire.

Chachiwiri chimene galimoto singakuuzeni ndi mwini wake. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kunena kuti agogo athu anali ndi galimoto nthawi imene ena analibe. Mwina analidi nayo. Koma anthu ambiri ankajambulitsa pa galimoto ya abwana, ya mlendo, ya tchalitchi, kapena imene angoipeza itaima. Ojambula ena m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 ankasunga galimoto yakufa, kapena yongopanga ndi matabwa, mu situdiyo kuti makasitomala azikhalamo. Mukaona kumbuyo kuli mitengo ndi mapiri zooneka ngati zojambula pansalu, pansi pali posalala ngati m'nyumba, imeneyo ndi situdiyo. Onaninso kaimidwe ka munthuyo. Wavala yunifolomu ndi kapu? Mwina anali dalaivala. Wavala ovolosi, manja akuda, boneti ili yotsegula? Mwina anali makaniko. Kwa ine zimenezi si zotsika ayi. Kupeza kuti agogo anu anali mmodzi mwa anthu ochepa amene ankadziwa kuyendetsa kapena kukonza galimoto m'zaka zimenezo ndi mbiri yolemera, ndipo imakulozerani kwa olemba ntchito amene mwina anasunga mayina.

Nambala ya galimoto ndi mbali ya chiwongolero

Nambala ikamawerengeka, mwapata mwayi waukulu. Imakuuzani dziko, ndipo kawirikawiri boma kapena mzinda umene galimotoyo inalembetsedwa. Ku Britain manambala anakhala lamulo kuyambira pa 1 January 1904, ndipo zilembo zake zinkaimira dera. Kuyambira 1963 anayamba kuika chilembo cha chaka kumapeto: A ndi 1963, B ndi 1964, C ndi 1965. Ku United States zigawo zambiri zinkapereka nambala yatsopano chaka ndi chaka, chakacho chitadindidwa pa chitsulo pomwepo. Nambala yotereyi imaposa china chilichonse, chifukwa imapereka chaka cha chithunzi chenichenicho, osati cha galimoto. Dziko lililonse linali ndi dongosolo lake, ndiye fufuzani la dziko limene mukuliganizira, ndipo mufunse ku nyumba yosungira zolemba zakale za boma ngati mabuku a kalembera wa magalimoto anasungidwa. Kumene anapulumuka mumatha kupeza dzina la mwini, adiresi ndi tsiku lolembetsa.

Mbali ya chiwongolero imathandiza kudziwa dziko, koma samalani pawiri. Magalimoto ambiri oyambirira, ngakhale a ku America, anali ndi chiwongolero kumanja, ndipo Model T ndi imene inafalitsa cha kumanzere kumeneko. Mayiko ena anasinthanso mbali yoyendera: Sweden mu 1967, Nigeria mu 1972, Ghana mu 1974. Kuwonjezera apo, wotsuka ankatha kutembenuza negetivu, chithunzi chonse n'kutuluka chotembenuka, kumanja kukhala kumanzere, ndipo zithunzi za pa kachitsulo zija nthawi zambiri zimatuluka zotembenuka mwachibadwa. Yang'anani zilembo zilizonse zimene zikuoneka, kapena mabatani a shati ya mwamuna, amene amakhala kudzanja lake lamanja.

Musaiwale zolembedwa pa chitseko cha lole kapena basi, zikwangwani za masitolo, mapampu a petulo, mapolo a magetsi ndi nyumba za kumbuyo. Dzina la kampani pa chitseko lingakufikitseni ku nyuzipepala zakale ndi mabuku a manambala a telefoni.

Phatikizani maumboni

Tiyerekeze kuti muli ndi chithunzi cha bambo wanyamula mwana pambali pa Beetle ya zenera looneka ngati dzira. Galimoto yakuuzani kuti 1953 inali itakwana. Penti yayamba kufwifwa, bampala yapindika pang'ono, ndiye si yatsopano. Azakhali akuti mwanayo ndi amayi anu, ndipo chikalata cha ubatizo kapena cha kubadwa chikuti anabadwa mu 1955. Pa chithunzipo mwanayo akuoneka wa zaka zitatu. Zonse zikuloza ku 1958, mwina 1959. Koma azakhali akanati mwanayo ndi amalume anu obadwa mu 1946, pakanakhala vuto: mu 1953 iwo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, osati zitatu. Pamenepo galimoto yakuthandizani kuona kuti dzina lasokonekera, ndipo mubwerere mukafunse ngati panali mwana wina, mwina amene anamwalira ali wamng'ono ndipo satchulidwatchulidwa.

Ana ndi amene amathandiza kwambiri pa kuwerengera kotere, chifukwa mwana wa zaka ziwiri ndi wa zaka zisanu sasokoneza, pomwe munthu wa zaka 35 ndi wa 45 amatha kufanana. Onaninso amene palibe. Ngati ana onse alipo kupatula wotsiriza, mwina anali asanabadwe.

Mukapeza zaka zoyerekeza, pitani nazo ku mapepala: zikalata za kubadwa, za ukwati ndi za imfa, mabuku a tchalitchi ndi a mzikiti, ziphaso zoyendera, laisensi yakale yoyendetsera galimoto, makalata a ntchito ndi a penshoni. Tsamba la FamilySearch lili ndi zolemba za mayiko ambiri ndipo kufufuzapo n'kwaulere. Kusaka dzina m'buku la zaka makumi anayi n'kotopetsa, koma mukadziwa kuti mukufuna 1957 mpaka 1960, ndi ntchito yotheka.

Lembani, sungani, gawani

Chithunzi chilichonse chipatseni nambala, ndipo m'kope kapena pa kompyuta mulembe pansi pa nambalayo zinthu zitatu mosiyanitsa: zimene mwaona ndi maso, zimene mwauzidwa ndi amene wakuuzani, ndi zimene mukungoganiza. "Beetle, zenera la dzira, 1953 mpaka 1957" ndi zoona ndi maso. "Inali ya abwana awo" ndi zouzidwa. "Mwina 1958" ndi zoganiza. Mukazisakaniza, mdzukulu wodzawerenga adzatenga zonse ngati zotsimikizika.

Kumbuyo kwa chithunzi lembani ndi pensulo yofewa, m'mphepete, osadinikiza. Bolopeni imaboola ndipo inki yake imalowerera. Musamate selotepi kapena guluu, ndipo musachipititse kukachimata pulasitiki yotentha ija, chifukwa ikamatika sichotsekanso. Ma alubamu a masamba omata amene anafala m'ma 1970 amawononga zithunzi, koma ngati chithunzi chakakamira musachikoke, sikanani tsamba lonse. Musanachotse chilichonse mu alubamu, jambulani tsamba lililonse mmene lilili, popeza amene anaika zithunzizo anaziika motsatana pa chifukwa. Zisungeni m'bokosi pamalo ouma, ozizira bwino, opanda dzuwa. Manegetivu musataye, nthawi zambiri amaonetsa nambala ya galimoto bwino kuposa pepala.

Makope a pa kompyuta akhale m'malo awiri kapena atatu osiyana, ndipo tumizani kwa abale a mbali zonse za banja pamodzi ndi zimene mwalemba. Potumizapo muwapemphe kuti ayang'ane m'masutikesi mwawo ngati muli chithunzi china cha galimoto yomweyo. Tsiku lojambula anthu sankajambula kamodzi kokha, ndipo zithunzi za filimu imodzi zinkagawidwa kwa abale osiyanasiyana. Chimene chili kwa asuweni anu mwina chinajambulidwa kuchokera kutsogolo, nambala ikuoneka yonse, kapena kumbuyo kwake kuli mayina amene pa chanu palibe.